Azakhali Anga ndi Abale Awo a ku Jeremani

Dzina la kwathu timalemba kuti Myula. Ndi mmene lilili pa pasipoti yanga, ndi mmenenso linalembedwera pamanda a bambo anga ku Dedza. Pabanja ponse pali munthu mmodzi yekha amene amalemba kuti Müller, osaiwala timadontho tiwiri pamwamba pa u, ndipo munthuyo ndi azakhali anga a Esnati. Anagwira ntchito yotaipa makalata ku boma mpaka kupuma, ndipo poti makina a boma analibe timadonthoti, ankachita kutidonthezera ndi bolopeni.

Malinga ndi azakhali, agogo awo aamuna anachokera kutsidya kwa Songwe nthawi imene dzikolo linali m'manja mwa Majeremani. Amati anali mwana wa mkulu wa asilikali a Chijeremani, ndipo dzinali ndi la kubanja lachifumu. Umboni wake ndi mphuno. Azakhali ali ndi mphuno yowongoka, ndipo akamakamba nkhaniyi amakhala chammbali kuti muione bwino. Bambo anga akalawa pang'ono ankati agogowo anali khukhi wa Mjeremaniyo, koma ankanena motsitsa mawu, atayang'ana kaye uku ndi uku.

Mkazi wanga Mercy atabereka mwana wathu wachiwiri, tinawaitana azakhali ku Dublin kuti adzatithandize kulera. Timakhala ku Santry m'kafulati ka zipinda ziwiri. Mercy ndi namwino pa chipatala cha Beaumont, ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Azakhali anabwera atasiya moto kumudzi. Mwana wawo Tadala, msuweni wanga, anali atapeza mwamuna, dzina lake Fatsani, wa chigayo pa Mponela. Azakhali anakana kwamtuwagalu.

"Mwana wanga wa digiri akakwatiwe ndi munthu wa ufa m'makutu? Ife a Müller? Ndisanafe ayi."

Chimwalirireni bambo, unkhoswe wa pabanja unagwera ine, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. A kwa Fatsani anali atadikira yankho chaka chathunthu. Tadala anandiuza pa foni kuti amayi ake akabwerera kumudzi ndi mawu omwewo, iye angolowana ndi Fatsani, pakhomo pa amayi akewo sadzapondanso.

Tanthauzo la dzina lathu ine ndinkalidziwa. Aliyense wokhala ndi foni angalidziwe. Koma azakhali ndiwo anandilera, ali ndi BP, komanso si munthu woti mungamuyambe dala. Mercy anayesapo tsiku lina kuwaonetsa pa foni, iwo anakankhira foniyo kumbali osayang'ana n'komwe.

"Za m'foni ine ayi. Foni yomweyo inati lero kuwala dzuwa."

Panja n'kuti mvula ikukhuthuka.

Ulendowu unayamba ndi pakamwa panga. Mkulu wina amene ndimamusamalira, wochokera ku Limerick, anandiuza kuti chakwawoko, kufupi ndi tauni ya Rathkeale, kuli anthu amene makolo awo anachokera ku Jeremani zaka mazana atatu zapitazo, ndipo ena mwa iwo dzina lawo ndi Miller. Ndinaikamba nkhaniyi pa chakudya chamadzulo pofuna kungocheza. Azakhali anaika supuni pansi.

"Iwe Ganizani. Zaka zonsezi uli m'dziko muno, abale ali pamphuno, osakawapatsa moni?"

"Si abale kwenikweni, azakhali. Iwo ndi Miller."

"Anthu a kuno analiwononga polemba, ngati mmene analiwonongera a kwathu. Chibale n'fupa, sichiola. Uli ofu liti?"

Nditamuuza Tadala, anaseka koyamba m'miyezi yambiri. "Asuweni, apiteni nawo. Akamve okha kwa eni ake." Iye ankalankhula ali ku Lilongwe. Wokhala nawo pafupi pakumvapo ndinali ine.

Loweruka m'mawa azakhali anatuluka m'chipinda atavala suti ya chitenje imene anasoketsera ubatizo wa mwana, duku lalitali ngati chisa, ndolo zagolide ndi nsapato za kuukwati. M'chikwama munali mpunga wa Kilombero, chitenje chatsopano ndi botolo la tsabola, zokapatsa abale. Mercy anatiperekeza mpaka pa galimoto, khanda lili paphewa, n'kundinong'oneza kuti mapilitsi a BP waika m'thumba la jekete yanga.

Galimoto yangayo ndi yakale, ndinaigula kuti izindifikitsa kuntchito basi. Pa msewu waukulu wa M50 inayenda bwino. Pa mphambano ya Red Cow tinapeza mzere wa magalimoto, tinakwawa ngati tikuperekeza maliro, azakhali akuyeserera moni wa Chijeremani umene wansembe wina anawaphunzitsa ali mtsikana. "Guten Tag. Guten Tag." Ankawerama pang'ono polankhula, kupatsa moni dashibodi. Titadutsa Naas, dashibodiyo inayankha: kunayaka kagetsi kofiira. Ndinakanyalanyaza ngati mmene ndinkachitira sabata yonse. Tisanafike ku Kildare, pachigwa chija chodzaza nkhosa, utsi unayamba kutuluka kutsogolo.

Anthu okoka magalimoto owonongeka amene ndinawaimbira foni anati tituluke m'galimoto, tikaime kuseri kwa mpanda wachitsulo, bulekidauni ikubwera posachedwa. Posachedwa wa kuno sasiyana kwenikweni ndi wa kwathu, kungoti amamunena mwaulemu. Ndinawaveka azakhali kajekete kachikasu konyezimira pamwamba pa suti yawo, n'kuwadumphitsa mpandawo. Zidendene za nsapato zinalowa m'matope. Anaima pomwepo ngati odzalidwa, chikwama cha mpunga chili m'manja, malole akuwawaza madzi, nkhosa zitabwera kudzawaonerera. Nkhosa ina inayamba kununkhiza chikwamacho.

"Choka! Si zako izi."

Bulekidauni itabwera, mwini wake anatikweza kutsogolo n'kukatitula pa galaja ina ku Kildare. Makaniko anatsegula boneti, anapukusa mutu, anaimba kamluzu, n'kunena kuti Lolemba. Mumtima ndinayamika. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepa, tibwerera ku Santry ufumu wathu uli wonse.

"Azakhali, zikuoneka kuti Mulungu wakana."

"Wakana galimoto yako. Basi sanakane. Funsa pokwerera."

Pa siteji tinadikira mpaka miyendo kuuma. Tinkadikira mbali yolakwika. Anatipulumutsa ndi bambo wina wa ku Zambia amene anamva azakhali akundikalipira m'Chichewa n'kuwoloka msewu, nkhope ili mwee.

"Muli bwanji amai? Apa mwaimilila ni pa zoyenda ku Dublin. Muyenda kuti kansi?"

"Ku Limerick, kukaona abale."

"Iye! A Malawi mwafika na ku Limerick?"

"Si Amalawi," azakhali anatero. "Ndi Majeremani."

Bamboyo anayang'ana azakhali, anayang'ana ine, n'kutilozera siteji ya tsidya lina osafunsanso kanthu.

Basi itafika, azakhali anafuna kudziwa mtengo. Nditawauza, anati ndimuuze dalaivala kuti tilipo awiri ndipo mmodzi ndi wachikulire, atichotsereko. Ndinati kuno sanenerera. Anati kulikonse amanenerera, kungoti ine ndine wamantha, n'kumufunsa okha m'Chingerezi chawo cha ku boma. Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola, koma sanachotse kalikonse. Ndinagunda khadi tisanachititse manyazi mtundu wonse.

Basi inali yodzaza, moti tinakhala mosiyana. Ine ndinapeza malo pafupi ndi bambo wina wonenepa amene ankadya tchipisi za viniga, fungo lili guu. Azakhali anakhala kutsogolo kwanga, pafupi ndi mayi wachikulire wa tsitsi loyera lometa, wovala nsapato zokwerera mapiri, ndodo ziwiri zoyendera zili pakati pa miyendo. Tisanapite patali mayiyo anayankha foni m'chilankhulo chokhala ngati akutsuka kukhosi. Ndinaona duku la azakhali likutembenuka pang'onopang'ono. Mayiyo atangodula foni, ndinamva:

"Guten Tag."

Dziko lonse la Ireland, mabasi onse a tsiku limenelo, Mjeremani anasankha kukhala pampando umenewo.

Dzina lake linali Gisela. Anali atapuma pantchito ndipo ankapita kukayenda wapansi kumapiri a ku Kerry, chinthu chimene azakhali anachimvera chisoni. Anacheza za mawondo, za zidzukulu, za kuzizira. Ndinayamba kukhulupirira kuti tipulumuka. Kenako tinafika ku Portlaoise, dalaivala anazimitsa injini n'kulengeza kuti nthawi yake yatha, amene adzatipitirize ali m'njira. Anatenga chikwama chake n'kumapita. M'basi munangoti zii, kumangomveka tchipisi za mnzanga uja. M'bata limenelo ndi mmene azakhali anakhala chammbali, mphuno ikuoneka bwino, n'kunena kuti nawonso ndi a ku Jeremani, dzina lawo ndi Müller.

"Müller!" Mayi Gisela anawomba m'manja. "Mwamuna wanga woyamba anali Müller. Dokotala wanga wa mano ndi Müller."

Azakhali anatembenukira kwa ine pakati pa mipando. "Wamva? Dokotala."

"Wondikonzera mapaipi ndi Müller. Woyandikana naye nyumba, amene galu wake amandiwonongera maluwa, nayenso ndi Müller."

"Banja lalikulu," azakhali anatero. "Onsewo pachibale?"

"Ayi, sadziwana n'komwe! Ku Jeremani kulibe dzina lofala kuposa limeneli. Mukaima pa siteshoni ya sitima n'kukuwa kuti Müller, mudzatopa ndi anthu otembenuka."

Duku linagwedera pang'ono. Azakhali moyo wawo wonse ankawamvera chisoni a Banda ndi a Phiri, amati dzina lopezeka pakhomo lililonse lili ngati mchere wa pamsika. Ndinatulutsa mabisiketi n'kuwalowetsa pakati pa mipando, kufunsa Mayi Gisela ngati ku Kerry kumagwa mvula yambiri. Anatenga bisiketi, anathokoza, n'kupitiriza pomwe anasiyira. Anali munthu wokonda kufotokoza zinthu mpaka pamapeto.

Anati kalekale anthu a kwawo ankangokhala ndi dzina limodzi. Midzi itakula, a Hans atachuluka, anayamba kuwasiyanitsa ndi ntchito zawo. Wosula zitsulo anakhala Schmidt, telala anakhala Schneider, msodzi Fischer, woomba nsalu Weber. Ndiye poti aliyense amadya buledi, mudzi uliwonse unali ndi malo operera tirigu, oyendera madzi a mumtsinje kapena mphepo, ndipo munthu wa pamenepo ankatchedwa Müller. Mawuwo anachokera ku Chilatini. Kumpoto amati Möller, kwina amati Miller, koma ntchito ndi yomweyo. Polankhula ankazunguliza dzanja lina pamwamba pa linzake, kupera mpweya.

Azakhali anataipa Chingerezi zaka zambirimbiri, ndipo palibe liwu limene linawadutsa. Komabe anatembenuka.

"Ganizani, mayiwa akuti chiyani? Chingerezi chawo n'cholemera."

"Akuti... ndi munthu wodyetsa mudzi, azakhali."

"Ndafunsa kuti akuti chiyani."

Bambo wa tchipisi uja anasiya kutafuna. Chichewa sankamva, koma mlandu umamveka m'chilankhulo chilichonse.

"Akuti wachigayo."

Azakhali anayang'ananso kutsogolo. Patapita kanthawi anafunsa Mayi Gisela, ndi mawu aulemu kwambiri, ngati panalibe a Müller ena achifumu.

"Achifumu kawirikawiri amakhala ndi kamawu kakuti von patsogolo. Chigayocho nthawi zambiri chinali cha mwini dziko, Müller ankangochiyendetsa." Kenako anaseka. "Ndipotu sankawakhulupirira. Ankati amatapako ufa m'matumba a anthu. M'madera ena mabanja odzilemekeza sankalola mwana wawo kukwatiwa kwa Müller. Mayi anga ananenanso zomwezo za mwamuna wanga uja, koma iye chifukwa chake chinali mowa."

Dalaivala watsopano anafika nthawi imeneyo, kapu ya khofi ili m'manja, akupepesa mosangalala. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamufunsa kumene anali mphindi zochepa zapitazo, pamene injini yake ikanatithandiza.

Kuchoka ku Portlaoise mpaka ku Roscrea azakhali ankangoyang'ana kutsogolo. Mayi Gisela anatsegula mapu ake, kenako anagona. Ndinapereka pilitsi ndi botolo la madzi pakati pa mipando, zinalandiridwa. Ndinaona dzanja likukwera, likuvula ndolo imodzi, kenako inzake. Ku Nenagh bambo wa tchipisi anatsika, ndipo azakhali anadzuka n'kudzakhala pamalo pake. Sanandiyang'ane.

"Iwe unkadziwa?"

"Ndinkamva mphekesera."

"Mercy?"

"Nayenso."

"Tadala?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndiye kuti ndinatsala ndekha," anatero.

Ndinali nditakonzekera kukalipiridwa, ngakhale kukomoka kumene. Izi sindinazikonzekere. Mpaka ku Limerick ndinkangoyang'ana ng'ombe pawindo ngati ndine wogula.

Pa depoti ya ku Limerick Mayi Gisela anatigwira chanza mwamphamvu, nkhope yowala ya munthu amene wathandiza mnzake. Anati tikapereke moni kwa a Müller onse a ku Malawi, n'kunyamuka ndi ndodo zake, go go go. Azakhali anakhala pa benchi, mpunga uli pamiyendo. Ndinati basi yobwerera ku Dublin ilipo. Ndinati ya ku Rathkeale ndi iyo ikukweza. Sanasunthe. Inanyamuka tikuiona. Ndinakagula tiyi m'timakapu tapepala, anamwa pang'ono n'kunena kuti ndi madzi otsukira mbale, ndipo ndinadziwa kuti moyo ukubwerera.

"Tili ana ku Dedza," anayamba, "anzathu kusukulu ankatitcha nyulu. Myula, nyulu, mwana wa bulu. Bambo ako ankamenya anthu tsiku lililonse. Ine ndinkangolira. Tsiku lina ababa anandipeza kuseri kwa nkhokwe, anandikhazika pamwendo, n'kundiuza kuti amene akusekawo sadziwa kanthu, dzinali ndi lachifumu, lili ndi timadontho tiwiri ngati chisoti. Anandilembera pansi ndi kamtengo. Mawa lake ndinapita kusukulu khosi lili njo." Anapukusa tiyi m'kapu. "Kaya iwowo anazitenga kuti. Mwina anangofuna kuti ndisiye kulira."

Njiwa zinkayendayenda pamapazi athu. Kenako azakhali anakonza duku n'kuimirira.

"Mpungawu sindibwerera nawo. Ndaunyamula kuchokera ku Lilongwe. Funsa ina inyamuka liti."

Ina inanyamuka dzuwa litapendeka, n'kukatsekeredwa ku Adare, kamudzi ka nyumba zofolera ndi udzu kumene alendo amaima pakati pa msewu kujambula. Azakhali anaona azungu akujambula madenga a udzu ndipo anafunsa ngati anthuwa ali bwinobwino. Pofika ku Rathkeale, kanyumba kosungiramo mbiri ya anthu ochokera ku Jeremani aja kanali katatsekedwa kale. Tinalowa m'sitolo ina, ndipo ndinafotokozera mayi wogulitsa nkhani yathu mwachidule, maso ali pansi. Mayiyo sanadabwe n'komwe. Anati akudziwa Miller mmodzi amene sakana tiyi ndi macheza, n'kuimba foni.

Miller uja anabwera pa galimoto yamatope, galu ali pampando wakutsogolo. Anali nkhalamba yofiira nkhope, yovala magambutsi, yonunkha khola. Mphuno yake inali ngati mbatata. Ndinaona azakhali akuiyang'anitsitsa. Anayesa moni wawo wa Chijeremani, mkuluyo anaika dzanja kukhutu n'kundifunsa ngati chimenecho ndi chilankhulo cha ku Malawi.

Anatitengera kunyumba kwake, kukhitchini, n'kutithirira tiyi weniweni. Anati makolo ake anachokera m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, kuthawa nkhondo ndi njala. Anayamba agona m'matenti ku England, kenako anawabweretsa kuno kudzalima minda ya eni malo.

"Tinabwera ndi nsanza ndi Baibulo basi. Othawa kwawo, ngati amene mumawaona pa TV. Chijeremani chinatha kalekale, ine sindidziwa ngakhale liwu limodzi."

"Nanga chigayo?" azakhali anafunsa. "Muli nacho?"

"Chigayo? Mayi, ife chiyambire timakama ng'ombe. Ngati panali chigayo, chinatsala komweko."

"Ndiye mwina si ife pachibale."

Mkuluyo anayang'ana mpunga, chitenje ndi tsabola zimene zinali patebulo.

"Pa msinkhu wangawu sindingakane msuweni wobwera ndi mphatso. Amene ndili nawo amangobwera kumaliro."

Azakhali anaseka koyamba chichokereni ku Portlaoise. Anamulangiza kaphikidwe ka mpungawo kawiri konse, anamuchenjeza za tsabola, ndipo iye anayala chitenje patebulo ngati nsalu ya patebulo, azakhali n'kumusiya. Mkuluyo anatiperekeza yekha mpaka ku Limerick, galu atagona pa nsapato za kuukwati zija. Tinagona pa kanyumba kena ka alendo pafupi ndi depoti.

M'mawa mwake m'basi munali mipando yambiri, koma azakhali anakhala pafupi nane. Ndolo zinali zitabwerera m'makutu. Titadutsa Nenagh anayamba kulankhula, ngati akuwerengera mlandu khoti losaoneka.

"Uja ndi wa mano. Wina wa mapaipi. Wina chidakwa. Wa dzuloyu wa ng'ombe. Ine ndinali wa taipi, iwe umasambitsa nkhalamba. A Müller onsewa, wa chigayo palibe."

"Zikuoneka choncho, azakhali."

"Dzina tili nalo, chigayo tilibe. Mnyamata uja chigayo ali nacho, dzina alibe." Anayang'ana pawindo mpaka tinadutsa mathirakitala awiri. "Muimbire Tadala."

Tadala anayankha ndi mawu a munthu woyembekezera uthenga wa maliro. Azakhali sanapereke moni.

"Kodi mnzako uja zigayo ali nazo zingati?"

"Ziwiri, amayi. China chili ku Madisi."

"Za dizilo kapena za magetsi?"

"China cha magetsi, china cha dizilo."

"Amatapa ufa wa anthu?"

"Amayi!"

"Ndafunsa. Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yake, iwe sungaidziwe. Umuuze atumize ankhoswe ake kwa Ganizani. Koma amve bwinobwino kuti akukwatira kwa eni ake a ntchitoyo. Ife tinayamba kugaya makolo ake akusinja pamtondo."

Kumbali inayo kunamveka phokoso limene sindinadziwe ngati ndi kulira kapena kuseka. Azakhali anadula foni n'kundibwezera. Pofika ku Kildare, kumene ndinaona denga la galaja ija patali, anali atakonza kale nkhani yokakamba kumudzi: kuti anayenda okha mpaka kumalekezero a Ireland, anakapeza abale ali ndi ng'ombe zosawerengeka, ndipo anatsimikiza kuti ku Jeremani konse kulibe mtundu waukulu kuposa wathu. Ndinafunsa za matenti ndi nsanza zija. Anati munthu woyenda sanyamula chilichonse chimene wapeza panjira.

Ukwati unachitika chaka chotsatira ku Lilongwe. Tchuthi anandikaniza, choncho unkhoswe ndinatumiza mng'ono wanga, ine ndinaonerera pa foni m'kachipinda kopumira kuntchito, sangweji ili m'manja. Itakwana nthawi ya malangizo, azakhali anatenga maikolofoni. Za kupirira m'banja anangozikhudza pang'ono. Kenako anatembenukira kwa mkwati n'kuyamba kumuphunzitsa kayendetsedwe ka chigayo: asamagaye chimanga chonyowa, sefa azisintha isanabooke, lamba asamamangitse kwambiri, amayi okalamba aziwagayira poyamba. Azakhali omwewa, chikwatiwireni, kuchigayo ankangotuma wantchito. Woyendetsa mwambo anayesa kawiri kutenga maikolofoni, anabwerera chimanjamanja. Tadala anabisa nkhope m'maluwa, mapewa akugwedera.

Fatsani, amene anakulira pa chigayo cha bambo ake ndipo amatha kumasula injini yonse n'kuibwezera, anamvetsera mpaka pamapeto, mutu uli pansi. Atamaliza, anagwada pamaso pawo ndi suti yake yoyera n'kuwomba m'manja.

"Ndamva, amayi," anatero. "Paja n'zakwanu."